Jenereta ya Abiti Lajabu

Sendezani mipando muyandikire kuno, chifukwa nkhani iyi si yokamba mokuwa. Inamuchitikira Namakhwa, makaniko wa pa Jali, amene ankakonza njinga zamoto, zigayo ndi china chilichonse chomwa petulo. Anali katswiri, koma analinso wamakani. Chitsulo chikamukana, iye sankadya mpaka chitagonja.

Namakhwa anali ndi mlamu wake, Abiti Lajabu, mkulu wa mkazi wake. Mayiyu anali ndi boti lamatabwa padoko la Kachulu, panyanja ya Chilwa. Ntchito yake inali yozungulira m'zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pamwamba pa bango pakati pa madzi, kukagula nsomba zaziwisi. M'botimo anaikamo firiji yaikulu ndi jenereta yoyendetsa firijiyo, kuti makumba ndi milamba zizifika ku Zomba zisanafewe. Ndi botilo analera ana ake yekha chimwalirireni mwamuna wake.

Chaka chimenecho mwera unawomba kwambiri. Unakankha bango loyandama n'kutseka njira yakale yopita kuzimbowera, moti asodzi anachita kutema njira ina yatsopano m'bangomo. Ndi nthawi yomweyo imene jenereta ya Abiti Lajabu inayamba kuvuta. Inkalira bwinobwino, kenako n'kungozima pakati pa ulendo. Ulendo wina nsomba zinafika zitafewa. Ulendo wotsatira anazikwirira pamchenga, ntchentche zili ng'waa. Amayi amene ankamudikira kumsika anayamba kuyang'ana kwa anthu ena.

Tsiku lina Abiti Lajabu anatulukira pashedi yogwirira ntchito ya Namakhwa nkhope itagwa.

"Alamu, ndathedwa nzeru. Chinthu chija chikungozimazima. Mukapanda kundithandiza, boti ndiligulitsa."

"Musadandaule, alamu," anatero Namakhwa akupukuta manja. "Jenereta sizima popanda chifukwa. Mwina ikusowa mafuta, mwina mpweya, mwina moto. Tikachipeza."

Anapita ku Kachulu ndi chikwama chake cha zitsulo. Anachotsa pulagi n'kupeza yadetsedwa ndi mwaye, ndipo anaika yatsopano. Anakhuthulira petulo m'botolo n'kuliunika padzuwa kuti aone ngati pansi pali madzi. Anamasula kabuleta n'kuitsuka, anatsukanso chosefera mpweya. Potsiriza anayang'ana oilo n'kuwonjezera.

"Vuto likhoza kukhala ili," anauza mlamu wake. "Majenereta awa, oilo akachepa amadzizimitsa okha. Boti likapendekeka pang'ono, iyo imaganiza kuti oilo watha."

Anakoka chingwe ndipo inalira. Inalira masana onse padokopo, firiji ikuzizira mpaka kuchita chipale. Namakhwa anabwerera kwawo akuimba mluzu.

Sipanapite nthawi, foni yake inalira. Anali Abiti Lajabu.

"Yazimanso, alamu. Malo omwe aja."

"Malo omwe aja ati?"

"M'bango muja. Nthawi zonse imazimira m'bango."

Namakhwa zinamupweteka mumtima. Ntchito yake inali isanabwezedwepo. Anati ulendo wotsatira apita nawo kuti akaone ndi maso ake.

Ananyamuka m'mamawa, nkhungu itaphimba madzi. M'botimo anali atatu: iye, Abiti Lajabu, ndi Che Sumaili, woyendetsa boti, bambo wachikulire wa pachilumba cha Chisi amene sankalankhulalankhula. Che Sumaili ataona chikwama chija anangoti, "Mwabwera ndi zitsulo."

"Nanga ndikanabwera ndi chiyani?" anafunsa Namakhwa akuseka.

Che Sumaili anangoliza injini ya boti.

Pamadzi oyera zonse zinali bwino. Namakhwa anakhala pafupi ndi jenereta, dzanja lili pathanki, akumvetsera kalilidwe kake. Sinaphonye ngakhale kamodzi. Atafika pakhomo pa njira ya m'bango, Che Sumaili anazimitsa injini ya boti n'kuikweza kuti isakodwe ndi udzu, ndipo anatenga nsungwi yake yaitali n'kuyamba kuponda. Njirayo inali yopapatiza. Bango linali lalitali kuposa munthu, likukwecha m'mbali mwa boti. Phokoso lokhalo linali la jenereta.

Atayenda ndithu, Namakhwa anazindikira kuti tizilombo timene tinkamuvutitsa kumaso tasowa. Kenako anamva fungo la utsi, utsi wa nkhuni zosauma, ngati pakhomo pa munthu m'mawa. Anayang'ana uku ndi uku. Kunali bango lokhalokha.

"Kuli chimbowera pafupi?" anafunsa mokweza.

Che Sumaili anapukusa mutu osamuyang'ana.

Pomwepo jenereta inazima. Sinatsokomole ngati mmene imachitira ikasowa mafuta. Inangoti zii, ngati munthu waigwira pakamwa.

Namakhwa anagwada n'kuyamba kufufuza. Petulo analimo. Oilo anali wokwana. Atayang'ana kumbali anapeza swichi yagwera pozimitsa.

"Aa, nkhani yake ndi imeneyi!" anatero. "Swichiyi yafooka. Ikumagwa yokha ndi kunjenjemera."

Anaibwezera n'kukoka chingwe. Sinalire. Anakokanso, n'kukokanso, mpaka thukuta. Mawu a chingwecho ankamveka akulu kwambiri m'batamo, moti Abiti Lajabu anamugwira mkono.

"Isiyeni kaye, alamu. Tikatuluka muno ilira."

Ndipo zinaterodi. Bango litangotha n'kuona madzi oyera, Namakhwa anakoka kamodzi kokha, jenereta n'kulira ngati yatsopano. Iye anangoluma mano. Anadula kawaya n'kumangirira swichi ija zolimba, kuipotokola ndi pulayala kuti isagwenso.

Anatha tsiku lonse akuzungulira m'zimbowera. Nsomba zinalipo zambiri tsiku limenelo, ndipo Abiti Lajabu anadzaza firiji mpaka chivundikiro kuvuta kutseka. Nkhope yake inayamba kuwala. Namakhwa yekha ndi amene sanali pamtendere, chifukwa sipanala yake yaing'ono inasowa. Ankakumbukira bwino kuti anaiika pathabwa lokhalapo pamene ankafufuza m'bango muja. Anakhuthula chikwama, anakweza matabwa apansi, koma osaipeza.

"Mwina yagwera m'madzi," anatero Abiti Lajabu.

"Sipanala siyenda, alamu."

Pobwerera dzuwa linali litapendeka, ndipo polowa m'njira ya bango kunja kunali kutayamba kuchita chizirezire. Namakhwa anayatsa babu limene linkalendewera pamtengo pakati pa boti. Ulendo uno maso ake sanachoke paswichi. Anaipenyetsetsa ngati mphaka padzenje la mbewa.

Fungo la utsi lija linabweranso. Chinachake chinakhudza pansi pa boti, pang'onopang'ono, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Namakhwa anacheuka kuti aone m'madzi. Sikunali kucheuka kwa nthawi yaitali. Babu linathima, jenereta n'kuti zii.

Anayatsa tochi ya foni. Swichi inali pozimitsa. Waya uja sanaduke ayi. Anali atamasulidwa, atawongoledwa, n'kukulungidwa bwinobwino ngati chibangili, ndipo anaikidwa pamwamba pa thanki. Anali wonyowa. Paswichipo panali matope akuda, a pansi pa nyanja, onunkha chivundu.

"Ndani wachita izi?" anafunsa Namakhwa.

Abiti Lajabu anali kutsogolo, manja atafumbata pachifuwa. Che Sumaili anali kumbuyo, manja onse pansungwi. Panalibe amene akanafika pajeneretapo osamudutsa Namakhwa.

"Zikomo, apaulendo."

Mawuwo anachokera kumanzere. Pamenepo bango linali litapatuka pang'ono, ndipo mkati mwake munali bwato, lakale, lomira kwambiri moti milomo yake inali pafupi kufanana ndi madzi. M'bwatomo munakhala munthu wamwamuna, cham'mbali, mutu ataweramitsa. Analibe nkhafi, analibe ukonde. Nkhope yake sinkaoneka. Namakhwa anafuna kumuunika, koma dzanja linakana kukwera.

"Muzizimitsa chinthucho mukamadutsa pano," anatero munthuyo mofatsa, ngati wotopa. "Ana angogona kumene. Avutika nthawi yaitali asanagone."

"Tamva, bambo," anayankha Che Sumaili msangamsanga. "Pepani. Tikudutsa."

"Ana ake ati?" anafunsa Namakhwa. "Pamadzi pano? Ndiye ndinu amene mukuseweretsa katundu wa eni ake?"

Kamphepo kanadutsa, bango linawerama, ndipo litaweramuka mpata uja panalibe.

Kenako Che Sumaili anakhala pansi, nsungwi ataigoneka pamiyendo, n'kuyamba kunong'ona.

"Achimwene, mverani. Chaka chija nyanja inauma, ife tinkayenda pansi kuchokera ku Chisi mpaka ku Kachulu. Anthu ena anamanga misasa pakati pa nyanja pano, n'kumalima, n'kumakumba milamba m'matope. Ndiye kunabwera matenda otsegula m'mimba. Bambo wina anataya ana ake awiri sabata imodzi. Panalibe womuthandiza kuwanyamula kupita kumtunda, aliyense ankaopa. Anawaika yekha kuseri kwa msasa wake. Mvula itabwera, madzi n'kuyamba kubwerera, anzake anasamuka. Iye anati sangasiye ana okha. Palibe amene anamuona akutuluka."

"Ndiye ndi pano?" anafunsa Abiti Lajabu.

"Njira yakale inkadutsa kutali. Yatsopanoyi anatema ndi anyamata, sankadziwa."

"Bwanji simunandiuze, Che Sumaili?"

"Ndinakuuzani kuti tizizimitsa tokha polowa muno. Munati nsomba zifewa."

Abiti Lajabu anaweramitsa mutu. Kenako anatembenukira kwa mlamu wake.

"Basi, alamu. Isiyeni. Tituluke mwakachetechete. Firiji yazizira kale, nsomba sizingawonongeke msanga."

Namakhwa akanamvera. Mantha anali nawo. Koma mwa anthu ena mantha amasanduka mkwiyo. Anaganiza za asodzi oba mafuta, za anthu ansanje amene sankafuna kuti mayi akhale ndi boti, za mmene anthu pa Jali akamusekere akamva kuti Namakhwa wagonja kwa swichi.

"Munthu wamoyo uja," anatero. "Akufuna kukuthamangitsani panyanja pano, alamu. Lero muzimitsa muno, mawa akuuzani kuti musadutsenso. Ine ndithana nazo."

Analuma foni ndi mano kuti imuunikire, n'kutsegula chivundikiro cham'mbali. Anazula waya wochokera kuswichi. Anazulanso waya wa chozimitsa cha oilo.

"Tsopano aigwire swichiyo mmene angafunire," anatero. "Sizimanso."

"Achimwene, chonde," anatero Che Sumaili. "Pamanda sitiimba ng'oma."

"Alamu, boti ndi langa. Ndati isiyeni!"

Namakhwa anaponda phazi pajenereta n'kukoka chingwe ndi mphamvu zake zonse. Inalira. M'bata lija phokoso lake linali ngati kung'ambika kwa denga. Babu linayaka, bango lonse n'kuoneka loyera mbee mbali zonse. Namakhwa anaseka, koma kuseka kwake sanakumve bwino.

Che Sumaili anadzambatuka n'kuyamba kuponda mofulumira. Koma boti linali lolemera ngati lakodwa. Nsungwi imene tsiku lonse inkalowa m'matope ofewa tsopano inkagunda pouma, gu, gu, ngati pabwalo lotsiridwa. Madzi ozungulira boti anayamba kutulutsa thovu, laling'onoling'ono, lochuluka. Utsi uja unakula mpaka kuwawa m'maso.

Namakhwa anaona swichi ikugwa yokha. Inakwera. Inagwanso. Inakwera, inagwa, mofulumira, ngati munthu amene akuyesetsa mothedwa nzeru. Jenereta inapitiriza kulira. Kenako swichiyo inasiya kuyenda.

Ndi pamene anamva kuzizira kumbuyo kwake, ngati munthu wonyowa wamuyandikira. Anafuna kucheuka koma khosi linauma. Manja awiri, ozizira, okhakhala ndi matope, anafika m'mbali mwa mutu wake n'kumutseka makutu. Sanamufinye. Anangomutseka mofatsa, mmene kholo limatsekera makutu a mwana kukamagunda ziphaliwali.

Phokoso lonse linatha.

Ankaona jenereta ikunjenjemera. Ankaona babu likuyaka. Ankaona Abiti Lajabu atatsegula pakamwa, mitsempha ya pakhosi itatupa, akumukuwira. Sankamva kanthu. Anamenya thanki ndi chikhatho, osamva kanthu. Anakuwa iye mwini, osadzimva.

Mkati mwa bata limenelo munayamba kamawu. Poyamba kanali kung'ung'udza kwa mwana amene wasokonezedwa tulo. Kenako kanakula n'kukhala kulira. Posakhalitsa mawu ena, aang'ono kuposa oyambawo, analowerera. Ana awiri ankalira, osati kumanzere kapena kumanja, koma pafupi penipeni, ngati ali m'chipinda chimodzi ndi iye.

Abiti Lajabu anakwawa pamwamba pa firiji n'kumukankhira kumbali. Anagwetsa swichi, koma sinagwire ntchito, poti waya anali atazulidwa. Anapapasa pansi pa thanki mpaka anapeza kampopi ka petulo, n'kukatseka. Koma jenereta sizima nthawi yomweyo ukatseka petulo. Imayamba yamaliza amene ali kale m'kati. Mayiyo anagwada pamenepo akulira, akupepesa kwa madzi, kwa bango, kwa aliyense amene ankamva, chinthucho chikubangulabe. Potsiriza chinatsokomola, babu linafiira, n'kuthima.

Boti linapepuka. Che Sumaili anaponda osapuma mpaka anatulukira pamadzi oyera. Akuti ulendo wonse wopita kudoko Namakhwa anakhala pansi m'botimo atagwira mutu, akugwedezeka, akunena mawu amodzimodzi: "Atontholetseni. Chonde atontholetseni."

M'mawa mwake mkazi wake, Asiyatu, anapita naye kuchipatala. Adokotala anaunika m'makutu n'kupezamo timatope takuda. Anatsukamo bwinobwino, anaunikanso, n'kunena kuti sakuona chovulala chilichonse. Anamupatsa mankhwala odontheza. Koma Namakhwa sanamve mawu a adokotala, sanamve galimoto pamsewu, sanamve ana ake omwe akumulonjera pakhomo.

Chimene ankamva ndi kulira kuja basi. Usana ndi usiku. Nthawi zina kunkatsika n'kukhala kusisima, iye n'kuyamba kuwodzera, kenako n'kuyambiranso. Shedi yake anaitseka. Chakudya chinkabwerera m'mbale. Asiyatu ankamupeza atakhala kuseri kwa nyumba akugwedeza mawondo, ngati munthu amene wanyamula khanda, akuimba kanyimbo kopanda mawu. Anthu a kumpingo anabwera kudzapemphera. Iye ankangoona milomo yawo ikuyenda.

Ataonda mpaka malaya kumukulira, tsiku lina anagwira dzanja la mkazi wake.

"Kawauze alamu andiperekeze," anatero mokuwa, poti sankadziwa kukula kwa mawu ake. "Ndikapepese."

Abiti Lajabu anali asanapitenso kuzimbowera chichitikireni zija, ndipo sankafuna. Koma atamuona mlamu wake mmene anathera, anavomera. Anatsitsa jenereta ndi firiji n'kuzisiya padoko. Che Sumaili anati injini ya boti nayo aizimitsira kutali, asanayandikire n'komwe bango.

Anapita masana, dzuwa lili pamutu. M'njira muja munali bata. Atafika pamalo paja, Che Sumaili anazika nsungwi n'kuimitsa boti. Panalibe utsi, panalibe bwato, panalibe mpata m'bango. Namakhwa anavula nsapato, anagwada pamatabwa, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu, mmene timachitira pofika pakhomo pa eni.

"Bambo," anatero, ndipo ulendo uno mawu ake anatsika okha. "Ndine uja ndinachita phokoso. Munandipempha bwinobwino, ine sindinamve. Inenso ndili ndi ana, ndikudziwa mmene zimavutira kuwagoneka akadwala. Ndalakwa. Pepani."

Anakhala chogwada nthawi yaitali. Abiti Lajabu ndi Che Sumaili sanaone kanthu, sanamve kanthu. Anangoona misozi ikutsika pankhope pake, mutu ataupendeketsa ngati akumvetsera zakutali. Namakhwa anadzanena pambuyo pake kuti anamva mawu a mwamuna, otopa, akunong'oneza ana aja, akuwatchula maina amene iye sanawagwire bwino. Kulira kumodzi kunayamba kutsika, kunasanduka kusisima, n'kutha.

Kenako khutu lake la kumanja linachita ngati latseguka. Anamva madzi akudontha kuchokera pansungwi. Anamva bango likukwechana. Anamva mlamu wake akupuma.

"Alamu," anatero monong'ona, "ndikukumvani."

Abiti Lajabu anagwira pakamwa kuti asafuule. Che Sumaili anazula nsungwi mosamala, ndipo anabwerera chambuyo osalankhula mpaka kutuluka.

Kuyambira pamenepo Abiti Lajabu anayambiranso ntchito yake, koma polowa m'bango amazimitsa yekha jenereta, ndipo sinamuvutenso. Asodzi ena atamva, nawonso anayamba kutseka mawailesi awo podutsa pamenepo. Namakhwa anatsegulanso shedi yake, thupi linabwerera pang'ono, ngakhale kuti ukafuna kulankhula naye uyenera kuima kumanja kwake.

Asiyatu ankaganiza kuti khutu la kumanzere linangofa. Koma tsiku lina madzulo ali pakhonde, ana akusewera pabwalo, anaona mwamuna wake ataphimba khutu labwino lija ndi dzanja, maso ali pansi, bondo likugwedezeka.

"Bambo a Yusufu, mukutani? Kumanzereko mumamvako kanthu?"

Namakhwa anachotsa dzanja kukhutu.

"Anali awiri," anatero. "Wamkulu anagona tsiku lomwe lija. Wamng'onoyu mpaka lero bambo ake akumunyengererabe."